Kapinga wakukanikani m'munda? Nayi njira yomuthetsera osamuchulukitsa

Mwapalira bwinobwino, munda wayera, mwabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Patangotha masabata awiri mukupeza tinsonga tobiriwira tatulukanso paliponse, ndipo chigamba chomwe chaka chatha chinali ngati mphasa imodzi chaka chino chadya mizere khumi, mbewu za pamenepo zachita chikasu, zapinimbira ngati simunathire feteleza. Ameneyo ndi kapinga. Ambirife timalimbana ndi masamba ake chaka ndi chaka pomwe mwini wake ali phee pansi pa dothi akungodikira kuti tichoke.

Chinthu chimodzi chokha mugwire musanakhudze khasu. Kapinga safa mvula ikatha ngati maudzu ena aja, amangogona. Ali ndi zingwe zoyanga pamwamba zomwe zimagwira mizu pa mfundo iliyonse, alinso ndi zingwe zina zoyera, zolimba, zoyenda pansi pa dothi, ndipo m'menemo ndi momwe amasungira chakudya chake. Mfundo iliyonse ili ndi diso ngati la nzimbe. Kachidutswa kotalika ngati chala chanu, bola kali ndi mfundo imodzi yamoyo, ndi mbewu yokwanira. Nde mukamudula ndi khasu tizidutswatizidutswa n'kukwirira mu mzere dothi lili lonyowa, dziwani kuti mwamudzala ndi manja anu omwe. Akatswiri atandandalika maudzu ovutitsa kwambiri padziko lonse mu 1977, kapinga anakhala pa nambala 2, ndiye musadzione ngati ndinu waulesi, mdaniyu ndi wamkulu ndithu.

Zomwe mufunika

- foloko yokumbira ija ya mano anayi (iyi ndiye chida chenicheni, khasu limabwera pambuyo)
- khasu, leki ndi chikwakwa
- wilibala kapena matumba osabooka
- zikhomo ndi chingwe
- malata akale, lona kapena malo olimba oti muyanikepo zomwe mwakumba
- mbewu yotseka dothi msanga: kalongonda, khobwe woyanga, mbatata kapena maungu
- ngati mugwiritsa ntchito mankhwala: glyphosate, sipuleya yabwino yosadontha, kapu yoyezera ya mamililita, madzi oyera, magolovesi, majombo, ovolosi ndi chotchinga mphuno ndi kamwa

Mankhwala mutha kuwasiya ngati chigamba chili chaching'ono. Foloko yokha musaisiye.

Sitepe 1: Kumbani kaye muone amene mukulimbana naye

Pitani pakati pa chigamba, kumbani dzenje lakuya masentimita 30, tulutsani chibuma chonse n'kuchiphwanya ndi manja. Ngati ndi kapinga mupeza zingwe zoyera kapena zachikasu pang'ono, zokhala ndi mfundo pafupipafupi, zolukanalukana ngati ukonde. Masamba ake ndi aafupi, obiriwira motuwirako, ndipo akachita maluwa amatulutsa timiyendo tinayi kapena tisanu pansonga potambasuka ngati phazi la nkhuku. Onaninso kuti zingwezo zikuthera pati. Zambiri zimakhala m'masentimita 15 mpaka 20 apamwamba, koma m'dothi lamchenga kapena lomwe linatembenuzidwapo ndi pulawo zimatsika kuposa apo, ndipo kuya kumeneko ndi komwe mudzakumbe pa sitepe 4.

Chenjerani: pali maudzu ena a chaka chimodzi omwe maluwa awo amafanana ndi a kapinga koma mukazula amatuluka ndi mizu yanyenyezi basi, opanda zingwe. Amenewo khasu wamba likuwakwanira. Ndipo mukapeza timibulu takuda pansi, tsinde lili la makona atatu mukaligudubuza pa zala, ameneyo ndi dawe, si udzu weniweni ndipo mankhwala ena omwe nditchule kutsogoloku samugwira.

Sitepe 2: Khomani zikhomo kuzungulira chigamba chilichonse

Chitani izi kapinga akadali wobiriwira, chifukwa chilimwe chikafika amauma pamwamba ndipo simudzadziwanso kuti anali pati. Poika chikhomo musaike pomwe tsamba lomaliza likuthera, pitirirani ndi mita imodzi, pakuti zingwe zapansi zimakhala zitatsogola kale kuposa zomwe maso akuona.

Mukamazungulira muzidzifunsa kuti anabwera bwanji. Nthawi zambiri mupeza kuti chigamba chikuchokera m'mbali mwa njira, pa mgula wa m'malire, m'ngalande ya madzi, pomwe munatula mulu wa manyowa, kapena pomwe thirakitala imayambira kulima ikalowa m'munda. Yambani ndi tizigamba tating'ono tomwe tili patokha pakati pa munda woyera, chigamba chachikulu chidikire. Anthu ambiri amathamangira chachikulu chifukwa ndi chomwe chikuwawa m'maso, koma tating'ono tija ndi tomwe tikhale zigamba zazikulu za chaka chamawa ndipo panopa mutha kutimaliza m'mawa umodzi.

Sitepe 3: Tsekani njira zomwe akuyendera

Apa palibe thukuta lambiri koma ndi pomwe ambiri timagwera.

Polima, yambani mbali yoyera ndipo mumalizire mbali ya kapinga. Mukatuluka m'chigamba gogodani khasu, chotsani zingwe zomwe zakoledwa pa pulawo, pa halo (chida chokokedwa chophwanya zibuma), pa matayala. Ngati mwachita hayala thirakitala, iyang'aneni isanalowe m'munda mwanu, musachite manyazi. Ine ndinaphunzira mowawa, ndinalola thirakitala yochokera m'munda wina kulowa ili ndi zinyalala lendelende pa madisiki, chaka chotsatira kapinga anamera m'mizere yowongoka bwino kutsata momwe inadutsa, ngati wina anachita kuyeza ndi chingwe.

Manyowa nawonso. Njere za kapinga zimatha kudutsa m'mimba mwa ng'ombe zili zamoyo, ndipo khola lomwe lazunguliridwa ndi kapinga limapereka manyowa okhala ndi tizingwe tomwe. Manyowa awole mokwanira, mulu utenthe, ndipo muunjike pa malo opanda kapinga. Dothi lobwera ndi mbande, mchenga wotuta kwina, udzu wophimbira womwe mwamweta m'mbali mwa msewu, zonsezi muziziyang'ana.

Sitepe 4: Kumbani chilimwe chili pachimake

Chomwe chimapha zingwe za kapinga mosavuta ndi kuuma. Zikakhala pansi pa dothi zimapirira chilala miyezi, koma mukazitulutsa padzuwa lotentha zimataya madzi n'kufa. Choncho nthawi yokumba ndi pomwe dothi lauma, dzuwa likuswa mtengo, ndipo mukudziwa kuti kwatsala masabata angapo mvula isanayambe.

Lowetsani foloko mpaka kuya komwe munaona pa sitepe 1, tsamirani chogwirira, utsani chibuma chonse, chigwedezeni dothi ligwe, kokani chingwe chonse chathunthu mmene mungathere. Cholinga ndi kutulutsa zingwe zazitali, osazidula. Yambirani kunja pa zikhomo kulowa mkati, mukubwerera chammbuyo kuti musapondereze pomwe mwakumba kale. Dothi likauma gwa moti foloko ikukana, gwiritsani khasu kugalauza zibuma zikuluzikulu, zitembenuzeni mizu iyang'ane kumwamba, musaziphwanye tsiku lomwelo, zisiyeni sabata imodzi dzuwa lizilowe kenako mubwere kudzaphwanya ndi kutola.

Pa munda waukulu woti simungaukumbe ndi manja, limani ndi pulawo nthawi yomweyi ya chilimwe, kenako mudutsemo ndi halo ya mano, ija yokoka zingwe kuzitulutsa pamwamba. Bwerezani pakatha masiku 10 mpaka 14 kuti zomwe zinali pansi nazo zione dzuwa.

Chenjerani: halo ya madisiki ndi makina otipula aja ozungulira amadula zingwe tizidutswa tambirimbiri n'kutimwaza munda wonse. M'dothi louma kwambiri tambiri timafa, koma kukangogwa kamvula kapena dothi likakhala ndi chinyezi, mwachulukitsa kapinga kakhumi. Ndipo pa munda wotsetsereka musagalauze phiri lonse nthawi imodzi, mvula yoyamba idzakokolola dothi lanu lonse, gwirani ndime zopingasa chaka chino, zina chaka chamawa.

Sitepe 5: Tolani, yanikani, wotchani

Kokani ndi leki, tolani ndi manja totsalira, ikani mu wilibala. Musaunjike pa dothi la m'munda kapena m'mphepete mwa munda chifukwa za pansi pa mulu zimakhala ndi chinyezi, zimagwiranso, ndipo mwangosamutsa chigamba. Yalani mopyapyala pa malata, pa lona kapena pa thanthwe, muzitembenuza masiku angapo aliwonse.

Mudziwa bwanji kuti zafa? Pindani chingwe. Chikathyoka kuti thyo ngati kamtengo kouma, chatha. Chikangopindika, mkati mukuoneka moyera monyowa, chikadali moyo ngakhale kunja chikuoneka chouma. Zikauma ziwotcheni pa malo amodzi otetezeka. Zaziwisi musaziike pa kompositi ngakhale wina akuuzeni kuti ziwola, mbali za mulu sizitentha mokwanira ndipo mudzabweza kapinga m'munda ndi wilibala yanu yomwe.

Sitepe 6: Mvula yoyamba ikagwa, musiyeni adzionetse

Ngakhale mukumbe mosamala chotani, tina titsala. Mvula ikagwa timeneti tiphuka, ndipo apa muli ndi njira ziwiri.

Njira ya khasu ndi yomupha ndi njala. Kachidutswa kakamaphuka kamadya chakudya chomwe kanasunga, ndipo kamayamba kubwezeretsa pokhapokha masamba akatambasuka n'kuyamba kulandira dzuwa. Inu muzikapeza kasanabwezeretse. Pakatha masabata awiri aliwonse, osapitirira atatu, dutsani m'chigamba, paliponse pomwe patuluka nsonga lowetsani foloko mutulutse kachingwe komwe yachokera, musangodula pamwamba. Zikakhala zambiri zoti simungakumbe imodziimodzi, palirani ndithu, koma mobwerezabwereza osadumphitsa. Mukadumphitsa mwezi umodzi wokha nthawi ya mvula, zingwe zake zimakula masentimita angapo pa tsiku, nkhokwe yake yadzazanso, mwabwerera poyambira.

Njira ya mankhwala ndi yosiyana kwambiri, imafuna kuti mumusiye akule kaye. Ndi sitepe yotsatirayi.

Sitepe 7: Kupopera glyphosate moti afike ku mizu

Glyphosate amalowera pa masamba obiriwira n'kuyenda ndi madzi a m'chomera mpaka ku zingwe zapansi. Akagwera pa dothi ntchito yake yatha, sapha njere, saletsa kumera. Ndiye kuti pakufunika masamba ambiri, athanzi, omwe akukula. Dikirani kapinga afike masentimita 15 kapena kuposerapo, ali wobiriwira bii, dothi lili ndi chinyezi. Wofota ndi dzuwa, wodzaza fumbi, wongodyedwa ndi ziweto kapena wongotchetchedwa kumene, mukungotaya mankhwala.

Poyamba yezani sipuleya yanu, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa anthu ambiri amangoti "tizivindikiro tiwiri pa sipuleya" osadziwa kuti akuthira zochuluka bwanji. Yezani malo a mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi. Thirani madzi okha mu sipuleya, malita odziwika, poperani malowo mukuyenda mmene mumayendera nthawi zonse, kenako onani madzi omwe apita. Chulukitsani ndi 100, mwapeza malita omwe mumathira pa hekitala. Tinene kuti apita malita 2, ndiye kuti pa hekitala ndi malita 200, ndipo sipuleya ya malita 16 ikukwanira masikweya mita 800. Tsopano werengani lebulo ya botolo lanu pa mzere wa maudzu okhalitsa. Tingoyerekeza kuti yalemba malita 5 pa hekitala: 5 kuchulukitsa ndi 16, kugawa ndi 200, mupeza malita 0.4, kutanthauza mamililita 400 pa sipuleya iliyonse. Chimenechi ndi chitsanzo cha masamu chabe, nambala yeniyeni itengeni pa lebulo yanu chifukwa mabotolo amasiyana mphamvu, ena ndi magalamu 360 a mankhwala pa lita, ena 480, ena ndi a ufa. Chomwe mudzaone pa lebulo iliyonse ndi choti mlingo wa kapinga ndi wokwera kuposa wa maudzu wamba.

Madzi akhale oyera. Madzi amatope amamanga glyphosate asanafike n'komwe pa tsamba, nde otunga pa chithaphwi kapena mu mtsinje wodetsedwa ayi. Poperani kukakhala bata, mame atauma, ndipo kumwamba kukuonetsa kuti mvula siigwa kwa maola osachepera 6. Nyowetsani masamba onse koma asachite kuyenderera. Mankhwalawa sasankha, kamphepo kakangowaulutsira pa chimanga chanu kapena cha oyandikana nawo munda, chapita, ndiye nthawi yabwino ndi musanadzale kapena mutakolola kapinga akadali wobiriwira.

Mukapopera, manja m'thumba. Masiku 7 osakhudza, osalima, osatchetcha, osalowetsa ziweto, kudikira mpaka 10 kapena 14 ndi bwino koposa. Masiku oyamba sipaoneka kanthu ndipo mtima umayamba kukuuzani kuti munagula mankhwala achinyengo, koma kuona maso a nkhono n'kudekha, chikasu chimayamba pakatha sabata kapena kuposerapo. Mukalima pa tsiku lachitatu mwadula njira yomwe mankhwala amatsikira, zingwe zakutali zipulumuka.

Valani magolovesi, majombo ndi chotchinga kumaso, musadye kapena kusuta mukupopera, sambani mukamaliza, ndipo madzi otsukira sipuleya asapite ku chitsime kapena mu mtsinje. Botolo lotha libooleni lisagwirenso ntchito ina.

Kupopera kamodzi sikumaliza kapinga wokhazikika. Maso ena pa zingwe amakhala ali mtulo ndipo mankhwala safikako mokwanira, adzadzuka pakatha masabata angapo, muwadikire akule n'kuwapoperanso pamalo pomwepo.

Sitepe 8: Mutsekereni dzuwa

Kufooka kwakukulu kwa kapinga ndi mthunzi. Taonani pansi pa mtengo wa masamba ambiri, amafika m'mphepete n'kuima. Nde dothi lomwe mwalitsuka lija musalisiye lambulanda, chifukwa chilichonse chomwe chatsala chikapeza dzuwa lonse ndi malo onse chibwerera mwaukali.

Pa chigamba chomwe chinali choipitsitsa, ine ndimati lolani kutaya nyengo imodzi, dzalani kalongonda yekha mothithikana. Amayanga n'kupanga chiphimba chochindikala kwa miyezi ingapo, pansi pamakhala mdima, ndipo amasiyanso chonde. Alimi a kum'mwera kwa dziko la Benin anayamba kumukonda kalongonda cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pa chifukwa chomwechi, ankabweza naye minda yomwe inalandidwa ndi nansongole, udzu wina wa zingwe zapansi. Koma mwezi woyamba muyenera kumupalira, akadali wamng'ono kapinga amamuposa liwiro. Mukafuna kumuphatikiza ndi chimanga, dzalani kalongonda chimanga chitatha masabata 4 mpaka 6, apo ayi akwera n'kuchigwetsa.

Ngati simungakwanitse kupumitsa malowo, khobwe woyanga, mbatata kapena maungu zimathandizako. Chimanga dzalani pa nthawi yake, mipata yoyenera, ndipo pomwe sichinamere pakizani msanga chifukwa phando lililonse lopanda mbewu ndi windo la kapinga. Feteleza ikani pafupi ndi phando n'kukwirira. Womwaza amadyetsa kapinga, ndipo iyeyu nayitrojeni wa mu feteleza amamukonda kuposa mmene mbewu yanu imamukondera.

Kuphimbira ndi mapesi kokha sikumuletsa, amaboola n'kuyanga pamwamba pake, ndipo chinyezi cha pansi pa mapesicho amachikonda. Amene mumalima mosagalauza dothi, thanani ndi kapinga kaye musanayale mapesi. Pa kadimba kakang'ono mutha kuyala pulasitiki wakuda wochindikala, m'mbali mwake mutakwirira ndi dothi, kupitirira malire a chigamba, n'kumusiya nyengo yonse yomera. Wa masabata atatu sathandiza.

Sitepe 9: Akatulukira pakati pa mbewu

Mu soya, mtedza, nyemba, thonje, mpendadzuwa ndi mbewu zina za masamba otambalala muli mwayi, pali mankhwala opha maudzu okhaokha osakhudza mbewuzo, monga fluazifop (ambiri amawadziwa ndi dzina loti Fusilade), haloxyfop kapena clethodim. Nawonso amatsika mpaka ku zingwe, amafuna kapinga wanthete yemwe akukula, ndipo amagwira pang'onopang'ono. Pakatha sabata ndi theka kokani katsamba ka pakati penipeni pa nsonga, kakasololoka mosavuta kumunsi kwake kuli kofiirira kowola, agwira. Kawirikawiri pamafunika kubwereza. Onani pa lebulo ngati mbewu yanu yalembedwapo komanso masiku oyenera kudikira musanakolole.

Chenjerani: chimanga, mapira, mpunga, tirigu ndi nzimbe nazonso ndi udzu, mankhwala amenewa amazipha. Ndi chifukwa chake kasinthasintha amathandiza, munda wa kapinga muudzale mbewu ya mtundu wa nyemba chaka chomwe mukufuna kumumenya ndi mankhwalawa. M'chimanga dalirani manja: zulani, tulutsani kunja kwa munda, musasiye mu khwawa la mzere, ndipo pobandira musakwirire zingwe zaziwisi.

Sitepe 10: Dulani malire, muziyendera

Komwe kapinga akulowera kuchokera ku njira kapena ku munda wa eni, kumbani kangalande kakuya masentimita 30 kutsata malirewo n'kukasiya kotseguka. Zingwe zikafika pamenepo zimaonekera, inu muzidutsa kawiri pa mwezi n'kuzidula. Ngati oyandikana nawo munda ali womvana naye, kambiranani mugwire mgulawo limodzi, zimapepuka. Ndisanamizire, kapinga ali ndi ntchito yake, amagwira dothi pa migula, ziweto zimamudya, pabwalo amakongola, ndiye simukuyenera kumuthetsa dziko lonse, mungomuikira polekezera.

Zikhomo zija musazule. Chaka chachiwiri bwerezani kukumba kwa chilimwe mkati mwa zikhomo, mupeza zochepa kwambiri, chaka chachitatu n'kungotola apa ndi apo. Zulani zikhomo pokhapokha nyengo yonse ya mvula yadutsa osaona nsonga ngakhale imodzi.

Nanga akakhala nansongole?

Masitepe ndi omwewa koma pali zosiyana zingapo. Nansongole amaima chilili, masamba ake ndi aatali, okhakhala m'mbali moti amacheka, mtsempha woyera wa tsamba sukhala pakati penipeni, ndipo zingwe zake zili ndi nsonga zakuthwa zobaya mapazi, zimaboola ngakhale chinangwa ndi mbatata zili pansi. Mbali yaikulu ya chomerachi ili pansi pa dothi ndipo imatsika kuposa ya kapinga, ndiye kukumba kwake n'kozama.

Moto ndi bwenzi lake. Mukawotcha, maudzu ena ndi timitengo zimafa, iye amaphuka woyamba pa dothi lopanda mpikisano n'kutulutsa maluwa oyera aja ngati thonje, omwe mphepo imawanyamula kupita nawo kutali. Mukaona ngala zoyerazo tchetchani zisanakhwime. Pofuna kupopera, tchetchani kaye masamba akale olimba aja, dikirani atsopano afike cha m'mawondo, ndiye mupopere. Amayendanso ndi katundu, ku America anafika zaka zoposa 100 zapitazo cha ku Alabama ngati udzu wotetezera katundu m'mabokosi ochokera ku Japan, lero ndi mliri m'zigawo za kum'mwera chakum'mawa kwa dzikolo. Nde udzu wofolera kapena wophimbira wokhala ndi ngala zake musaudutsitse m'munda.

Zolakwika zomwe zimabwezeretsa kapinga

Kukumba nthawi ya mvula n'kusiya zingwe pomwepo. Madzulo omwewo mvula igwa, mawa zagwira. Ngati mwakakamizika kukumba dothi lili lonyowa, chilichonse chituluke m'munda tsiku lomwelo.

Kukhulupirira munda woyera pamwamba. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Musanene kuti watha musanalowetse foloko malo atatu kapena anayi n'kuona zingwe zakuda zofumbwa. Zikakhala zoyera zolimba, akubwera.

Kugwiritsa ntchito mankhwala owaula masamba okha, monga paraquat. Tsiku lotsatira munda umaoneka ngati wapsa, mtima umasangalala, koma pansi sipanakhudzidwe, ndipo paraquat ndi poizoni woopsa kwa munthu moti mayiko ambiri analetsa. Ena amasakaniza paraquat ndi glyphosate poganiza kuti awonjezera mphamvu, pomwe akuwotcha tsamba lomwe likanatsitsa glyphosate ku mizu. Mankhwala othira pa dothi mutangodzala, monga atrazine, amagwira udzu womera kuchokera ku njere, chingwe cha kapinga chimangodutsa.

Kuchepetsa mlingo kuti botolo likwanire munda wonse. Bola kupopera theka la chigamba ndi mlingo woyenera, theka linalo mukumbe. Kuwonjeza mlingo mopitirira lebulo nakonso ndi kutaya ndalama.

Kudalira glyphosate yekha chaka ndi chaka osakumba, osasintha mbewu. Udzu umazolowera. Ku Argentina udzu wina wa zingwe zapansi ngati womwewu, wa mtundu wa mapira akutchire, unapezeka mu 2005 kuti sukufanso ndi glyphosate m'minda ya soya momwe ankapopera mankhwala amodzimodziwo mosalekeza.

Kulowetsa ziweto kuti zimudye n'kumaganiza kuti atha. Kapinga anazolowera kudyedwa ndi kupondedwa, amangoyanga chafufumimba, ndipo ziboda ndi ndowe zimamufikitsa mbali ya munda komwe kunalibe.

Kugwiritsa sipuleya imodzi pa mankhwala a udzu ndi a tizilombo osatsuka bwino. Tsukani katatu, mupoperenso madzi oyera kudzera mu paipi ndi ku nozo, kapena ngati mungathe khalani ndi sipuleya ya udzu payokha muilembe ndi penti.

Kusiya chaka chachiwiri. Ichi ndiye chofala kuposa zonse, chifukwa chaka choyamba chikatha munda umaoneka bwino, tinsonga tatsala n'towerengeka, munthu umati aaa timeneti n'tochepa ndidzationa pokolola. Tikapeza nyengo imodzi yathunthu ya mvula popanda wotisokoneza, pofika chilimwe pansi palukananso ukonde ndipo foloko ija muyambiranso pa chikhomo choyamba.